Aneba anandiikira mtengo wa pikapu

Pansi pa bwemba pakhomo panga, kuno ku Golomoti, pali banga lakuda la oyilo. Kwa zaka zambiri silinkaoneka chifukwa pamwamba pake pankaima pikapu. Lolemba lapitali pikapuyo ndagulitsa, ndipo bangalo latsala poyera. Nkhuku zikumalilambalala.

Ndikufuna ndikuuzeni mmene mtengo wake unapezekera, chifukwa ndikudziwa kuti ena mwa inu muli ndi galimoto yokalamba kuseri kwa nyumba ndipo mwayamba kuiyang'ana ndi diso la malonda. Mwina mutolapo kanthu.

Ndiyambe ndi chifukwa chake. Denga la nyumba yathu latha. Malata ake ndi omwe ndinakhoma ndisanapume pa ntchito ya ulangizi wa zaulimi, ndipo dzimbiri lawadya moti masana dzuwa limalowa m'chipinda osagogoda. Dzinja lathali mayi a kunyumba ankasuntha bedi malinga ndi kumene mvula yachokera. Mvula itakata anandikhazika pansi.

"Bambo, chaka chino musankhe," anatero. "Galimoto yanuyo ili ndi denga labwino kuposa ife. Kapena mukufuna tizigona momwemo?"

Sindinatsutse. Penshoni siingagule malata, ndipo pikapuyo inali itayamba kudya kuposa mwini wake.

Ndiifotokoze mwachilungamo, popeza tsopano ndilibe chifukwa choinamizira. M'bulubuku, chikalata cha umwini wa galimoto, analemba kuti ndi yoyera, ndipo n'kutheka kuti nthawi ina inalidi yoyera. Chitseko cha kumanzere chimatsekukira kunja kokha, ndiye wokwera amadikira kuti woyendetsa atsike adzamutsekulire, zomwe alendo ankaziona ngati ulemu. Hutala imalira bwino. Injini, ya dizilo, ikangodzuka ikhoza kukufikitsani kulikonse. Vuto linali kuidzutsako. Sitata inafa kalekale, ndipo chiyambireni pikapuyo imalira ndi kukankha: giya yachiwiri, anthu kumbuyo, n'kuitsetsereka kuchoka pa bwemba kulunjika kunjira.

Wokankha wamkulu anali a Ngozo, aneba anga, amene amalima mpunga ku sikimu ya Bwanje. Palibe amene anagwira kumbuyo kwa pikapu imeneyi kuposa iwo. Akazi awo amadwala mphumu, ndipo nyengo ino ya fumbi ndi utsi, anthu akamaotcha m'minda, nthendayo imawagwira mosachenjeza. Munthu amene akubanika sangakhale pa kabaza. Ndiye zikavuta a Ngozo ankangoima pampanda n'kunena kuti, "Aneba, zayambanso." Ine pachiwongolero, mayiwo pambali panga, a Ngozo n'kukankha, injini ikalira n'kudumphira kumbuyo, ulendo wa kuchipatala ku Mua. Za mafuta sitinkawerengerana. Akakolola ankabwera ndi mpunga m'beseni, ife n'kulandira.

Zimenezi muzisunge m'mutu. Ine nditayamba kuganiza za malata sindinaziike pamodzi ndi nkhani ya mtengo.

Kodi galimoto yokalamba mtengo wake umaupeza bwanji?

Mbuzi ndi yosavuta. Umapita pamsika, kumva mmene anzako akugulitsira, kuigwira msana, basi. Thumba la mpunga mtengo wake amaudziwa ngakhale osalima. Koma galimoto yakale ilibe inzake yofanana nayo. Iliyonse inakalamba mwa njira yake, ndipo matenda ake amadziwa mwini wake yekha, amenenso sanganene.

Akuti kumayiko ena galimoto ikamakalamba mtengo umatsika chaka ndi chaka. Kuno galimoto ndi kwacha zikukalambira limodzi, koma kwacha ndiyo ikufulumira. Ndalama imene ndinagulira pikapuyi, lero ukapita nayo kusitolo ukabwerako ndi matayala okha. Ndiye ukati utengere mtengo umene unagulira, ndiwe chitsiru. Ukati utengere mmene ikuonekera, uyenera kumulipira wogulayo kuti aichotse. Mtengo weniweni uli penapake pakatipo, ndipo palibe amene akufuna kuutchula.

Umenewu ndi mwambo wathu wina. Pa malonda aakulu, wotchula mtengo poyamba ndiye wagonja. Wogula amafunsa kuti, "Ikupita pa zingati?" Wogulitsa amati, "Inuyo mwakonzeka ndi zingati?" Wogula amati, "Iyayi, mwini katundu ndiye amanena." Wogulitsa amati, "Tangonenani, sitikangana." Akhoza kuima padzuwa mpaka mthunzi kutembenuka, aliyense atapinda manja, kenako n'kutsanzikana mwaulemu popanda wotchula nambala. Kunyumba aliyense amakanena kuti mnzakeyo ndi wovuta.

Ine sindinafune zimenezo. Ndinaganiza zolemba mtengo pa katoni, kuika pagalasi la kutsogolo, aliyense adziwerengere. Chinatsala n'kudziwa choti ndilembe. Safunsa anadya phula, ndiye ndinayamba kufunsa.

Ndinayambira kwa makaniko wanga wa ku Mtakataka, amene m'mimba mwa pikapuyi amamudziwa kuposa m'nyumba mwake. Anapukuta manja, anaizungulira, anamenya tayala ndi phazi monga amachitira aliyense.

"Madala, kunena zoona, mamiliyoni atatu," anatero. "Koma wogulayo mumuuze kuti azibwera kwa ine."

Ndisanachoke pagalajapo panatulukira dobadoba, mmodzi wa anyamata aja amene alibe galimoto koma amagulitsa magalimoto tsiku lililonse. Ndani anamuuza, sindikudziwa. Anthu amenewa amanunkhiza malonda ngati mmene ntchentche zimapezera usipa.

"Bigi, iyi ndi ya mamiliyoni awiri, ndipo ndikukuchitirani chifundo. Munthu ndili naye kale. Mungondisiyira makiyi, inu musaonekere."

Ndinamufunsa chifukwa chake ndisaonekere.

"Ndikamuuza kuti inali ya ansembe. Mukaonekera inu, zonse zawonongeka."

Muyenera kudziwa kuti kuno kufupi ndi mishoni galimoto iliyonse yakale imene ikugulitsidwa inali ya ansembe. Inkangoyenda Lamulungu, ndiponso pang'onopang'ono. Zikanakhala zoona, ndiye kuti wansembe aliyense amene anakhalapo kuno anali ndi magalimoto okwana kutsegula kampani ya mahayala. Ndinamuthokoza mnyamatayo n'kusunga makiyi anga.

Mayi a kunyumba anali ndi njira yawo yowerengera. Anati mtengo wa galimoto ndi mtengo wa malata, misomali, matabwa ndi kalipentala. Chotsalapo ndi cha Mulungu. Titaphatikiza, zinkafika chakumamiliyoni atatu komweko, ndipo ndinali nditatsala pang'ono kulemba.

Ndi pamene a Ngozo anandipeza ndili ndi katoni ndi khala m'manja.

"Aneba, mukulemba chiyani?"

Ndinawauza. Anayang'ana pikapuyo. Kenako anapukusa mutu ngati munthu amene wamva za maliro a mwana.

"Atatu? Galimoto imeneyi? Aneba, musandichititse manyazi. Anthu adzati a Ngozo analipo koma sanamulangize mnzawo. Injini ngati iyi masiku ano sakupanganso. Zatsopanozi ndi mapulasitiki, zikangoona matope a ku Bwanje zimagona. Iyi ndi chitsulo. Lembani asanu, ndipo wina asakuchotsereni ngakhale tambala."

Ndinati asanu ndi ambiri.

"Ambiri kwa ndani? Wofuna adzagula. Osafuna apite. Mukuthamangira kuti?"

Mukudziwa mmene mtima wa munthu ulili. Anthu atatu akakuuza kuti chinthu chako n'chotchipa, wachinayi n'kukuuza kuti n'chodula, wanzeru ndi wachinayiyo. Ndinaona kuti pa anthu onse ndinawafunsa, a Ngozo okha ndiwo analibe chopindula pa malondawa. Makaniko ankafuna kasitomala, dobadoba ankafuna yake ya pamwamba, mayi a kunyumba ankafuna denga. A Ngozo ankangondifunira zabwino. Ndinalemba asanu, ndipo iwo anandigwirira katoni kuti manambala awongoke.

Mbiri inayenda. Anthu anayamba kubwera, ndipo ndinaphunzira kuti ogula galimoto ali m'magulu awiri: amene alibe ndalama koma ali ndi nthawi, ndi amene ali ndi ndalama koma akudziwa kale zonse.

A gulu loyamba ndi osavuta. Amakhala pachiwongolero, kuliza hutala, kufunsa ngati ungalandire matumba a mpunga akadzakolola, kenako n'kupempha madzi akumwa. Wina anandiuza kuti andipatse theka, theka linalo azindipatsa pikapuyo ikayamba kugwira ntchito. Ndiye kuti ndimugulire bizinesi ndi galimoto yanga yomwe.

A gulu lachiwiri ndiwo anandidabwitsa. Kunabwera bambo wina wa chigayo, wovala bwino, ndi kachikwama kooneka kuti muli kanthu. Asanaikhudze n'komwe anati, "Ndamva kuti sitata inafa." Ndinavomera. "Ndamvanso kuti chitseko ichi sichitsekuka m'kati. Komanso kuti chaka chatha inazima pamtunda wa ku Mua n'kuyamba kubwerera chambuyo." Ndinavomeranso, ngakhale kuti za pamtundazo ndinali ndisanauzepo munthu. Anayang'ana katoni, anaseka pang'ono, n'kunyamuka. Wotsatira wake anadziwa mpaka za tanki ya mafuta, kuti imadontha ukaidzaza kupitirira theka.

Ndinauza mayi a kunyumba kuti ogula a masiku ano ndi ochenjera, amayamba afufuza.

"Amafufuza kuti?" anandifunsa akupeta mpunga, osandiyang'ana.

Ndinati sindikudziwa.

"Munthu akatsika minibasi pa tala, akufuna kwa mwini pikapu, amafunsa njira pakhomo pa yani?"

Njira yochokera pa tala imadutsa pakhomo pa a Ngozo.

"Nanga tsiku lija inazima pamtunda, kumbuyo kunali ndani?"

Kunali a Ngozo.

"Nanga mtengo anakupatsani ndani?"

Anapitiriza kupeta. Ine ndinakhala pampando n'kumayang'ana katoni yanga ija, manambala ake owongoka bwino.

Ndinakwiya, ndisabise. Mitambo yayamba kale kusonkhana chakumapiri a Dedza, mtengo wa malata ukukwera sabata iliyonse, ndipo munthu amene ndinkamuyesa mlangizi wanga anali atakhala pachipata n'kumabweza ogula mmodzimmodzi, atandipatsa kale mtengo woti wopulumuka pachipatapo adzagwere pa katoni. Koma mkwiyowo sunkakhazikika bwino, chifukwa chimene ankachitira zimenezi ndinkachidziwa. Ndinachinyamulapo pambali panga kambirimbiri, chikupuma ngati mluzu wosweka.

Linali Loweruka. Ndinaganiza kuti Lolemba ndifufuta asanu aja, ndilembe atatu, ndipo ogula ndizikawachingamira ndekha pa tala. Kwa a Ngozo sindinanene kanthu. Lamulungu tinapatsana moni ngati kale.

Lolemba m'mawa, ndisanapeze khala, pakhomo panaima njinga yamoto. Inachokera njira ya kumunsi, ya kunyanja, imene siidutsa pakhomo pa aneba. Anatsika bambo wamfupi wa kofia yoyera, n'kudzitchula kuti ndi Che Saidi, amagula usipa kudoko n'kumakagulitsa kumisika ya kumtunda.

Sanamenye tayala ndi phazi. Anatsekula boneti, anayang'ana, anagwada n'kusuzumira kunsi, anagogoda pansi pa bodi pomwe pamakhala katundu. Kenako anawerenga katoni.

"Asanuwo ndi omaliza, akulu?"

Pakamwa panga panali patakonzeka kunena kuti tikhoza kukambirana. Koma mawu a a Ngozo anali adakali m'khutu, ndipo anatuluka okha. "Wofuna agula."

"Sawa," anatero Che Saidi. "Mungondithirirako mafuta ofikira kunyanja."

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. Iwo anafotokoza modekha kuti mahayala awamaliza, kuti nsomba siidikira galimoto ya mwini wake, kuti anayenda m'tauni n'kupeza zoola kuposa iyi pa mtengo woposa uwu, ndipo kuti injini zakalezi makaniko aliyense wa pansi pa mthunzi amazitha. Mtengo umene aneba anaupeka kuti uthamangitse anthu unapezeka kuti ndiwo mtengo wake.

Malonda otere kuno sachitika popanda mboni. Che Saidi mboni yawo inali woyendetsa njinga amene anawabweretsa. Ine ndinatuma mawu kwa a Ngozo. Ndinganene kuti ndinawaitana chifukwa ndiwo aneba apafupi, ndipo n'zoona. Komanso ndinkafuna aone.

Anabwera akupukuta manja, poti anali akukonza khasu. Nditawauza kuti munthu wavomera mtengo wawo uja, anamwetulira ndi milomo yokha.

"Zabwino zimenezo," anatero. Kenako anatembenukira kwa wogula. "Koma poti ndine mboni, ndiyenera kunena chilungamo. Achimwene, akuuzani kuti sitata inafa?"

"Ndaona. Kudoko anthu okankha sasowa."

"Chitseko icho sichitsekuka m'kati."

"Usipa sutsika wokha."

"Tanki imadontha."

"Tidzamata."

"Pamtunda imabwerera chambuyo. Ndinaliko ine. Tikanafa."

"Alhamdulillah, muli moyo," anatero Che Saidi. "Tiika mwala."

A Ngozo anapitiriza. Anatchula za magetsi a kumbuyo, za giya ya rivesi imene imafuna manja awiri, za mpando umene sipulingi yake imabaya. Zina mwa izo ngakhale ine ndinali nditaziiwala. Sindinaonepo mboni yogwira ntchito molimbika chotere polimbana ndi amene waiitana. Che Saidi ankangogwedeza mutu, ndipo pomaliza anandiyang'ana n'kunena kuti, "Akulu, aneba anuwa amaikonda galimotoyi."

Pamenepo a Ngozo anasiya.

Ndikanatha kukana. Ndikufuna zimenezi zimveke, chifukwa palibe anandikakamiza. Ndikanatha kunena kuti ndasintha maganizo, Che Saidi akanakwera njinga yawo, ndipo pikapu ikanakhala pansi pa bwemba mpaka lero. Ndinayang'ana mayi a kunyumba, amene anali ataima pakhomo. Sanandiyang'ane. Ankayang'ana denga. Tinalemberana, ndalama zinalowa kudzera kubanki ya pafoni, ndipo a Ngozo anasaina pamalo a mboni bwinobwino.

Atabweza cholembera anafunsa Che Saidi kuti, "Kwanu n'kutali bwanji kuchokera pano?"

"Si kutali kwenikweni. Kukauma ndi pafupi. Kukagwa mvula ndiye ndi nkhani ina."

"Mungandipatseko nambala ya foni?"

Che Saidi anawapatsa, akuganiza kuti mwina ndi nkhani ya usipa. A Ngozo anailemba m'foni mwawo pang'onopang'ono, n'kuiwerenga mokweza kuti atsimikize.

"Imagwira nthawi zonse?"

"Ndikakhala kumsika imagwira. Kudoko imavutavuta. Bwanji kodi?"

"Iyayi, palibe. Kungoti mayi akunyumba amadwaladwala."

Ndikuganiza kuti ndi pamene Che Saidi anamvetsa za chitseko ndi tanki zija. "Mukaimba ndili pafupi, ndidzabwera, Inshallah," anatero. Anali kunena zoona, ndipo tonse tinamva kuti mawu akuti pafupi ndiwo anali aakulu pa zonsezo.

Kenako inafika nthawi yoti pikapu ichoke. Che Saidi anakhala pachiwongolero, ine ndinawaonetsa giya yachiwiri. Woyendetsa njinga uja anali atanyamuka kale. Mayi a kunyumba msana unawaletsa kukankha kalekale. Ndinapita kumbuyo ndekha, ndinaika phewa, ndinakankha. Pikapu inangogwedezeka n'kubwerera pamalo pake.

A Ngozo sindinawapemphe. Ndinalibe nkhope yowapemphera. Ndinangomva munthu akuvula patapata pambali panga, monga ankachitira nthawi zonse kuti mapazi agwire nthaka. A Ngozo anaika manja pamalo awo, pomwe penti inatha chifukwa cha manja omwewo.

"Tiyeni, aneba," anatero.

Tinakankha. Inatsetsereka, inatsokomola, inalira. Ine ndinaima. A Ngozo anathamanga nayobe pang'ono, ndipo ndinaona mwendo wawo ukunyamuka kuti adumphire kumbuyo, poti thupi linazolowera. Anaubweza pansi. Anaima m'fumbi mpaka pikapu inakhota.

Chiyambire tsikulo ndakhala ndikuganiza za magalimoto a m'midzi mwathu muno. Pa bulubuku pamakhala dzina limodzi, koma eni ake amakhala mudzi wonse. Ndi ambulansi, ndi yonyamula maliro, ndi yoperekeza akwati, ndi yokatenga mwana amene wathyoka mkono pa mango. Ambulansi yeniyeni timaidziwa, timaiona ikudutsa pa tala, koma munthu akabanika masana dzuwa lili pamutu sayamba kuganiza za iyo. Amathamangira pakhomo pamene pali matayala anayi.

Ndiye taonani mmene timachitira. Munthu akamwalira, mudzi umadziwa chochita. Mbale imayenda, aliyense amaponyamo, ufa umasonkhedwa, nkhuni zimabwera, bokosi limapezeka. Pa zimenezi ndife akatswiri, ndipo sindikunyoza. Koma munamvapo mbale ikuyenda kuti tigule tayala la galimoto imene imatithamangitsira kuchipatala? Munamvapo msonkhano woti pikapu ya uje sitata inafa, tiyeni tisonkhe, tonse timakwera? Timasonkhera bokosi, koma chimene chikanachedwetsa bokosilo timachisiyira munthu mmodzi ndi penshoni yake. Akatopa n'kugulitsa, timati ndalama zamulowa m'mutu.

Sindikudziyeretsa. Inenso sindinaitanepo anthu n'kuwauza kuti galimoto yandikulira, tithandizane. Mwini galimoto kumudzi sapempha. Amayenda ngati bwana ngakhale m'thumba muli mphepo, chifukwa ulemu wa galimoto ndi wokoma, ndipo ndinaudya kwa zaka zambiri. A Ngozo nawo sakanabwera kudzanena kuti, aneba musagulitse, akazi anga adzavutika. Akanayamba bwanji, akudziwa kuti denga langa likudontha ndipo iwo alibe malata oti andipatse? Kupempha munthu kuti azinyowa chifukwa cha iwe si chinthu chotuluka pakamwa. Ndiye anachita chimene akanatha: anandipatsa nambala yaikulu n'kukakhala pachipata. Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko, ndipo pa nkhani iyi tonse awiri tinali titamva m'mimba, aliyense mwake.

Tikanakhala pansi n'kunena zoona, mwina pakanapezeka njira. Mwina anthu angapo akanaigula pamodzi, kapena akanandithandiza malata pikapu n'kukhala. Mwinanso sizikanatheka, poti galimoto ya anthu ambiri imafa msanga kuposa ya munthu mmodzi. Sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti anthu awiri amene akhala moyandikana zaka zonsezi anakambirana nkhani ya moyo wa munthu kudzera pa katoni.

Kwa inu amene mukufuna kugulitsa yanu, malangizo anga ndi ochepa. Funsani makaniko, koma kumbukirani kuti akufuna izibwerabe kwa iye. Dobadoba mupatseni moni, makiyi ayi. Yendani muone mmene zinzake zikugulitsidwira, chifukwa kwacha yasuntha kuposa mmene mukuganizira. Ndipo munthu akakuuzani mtengo wokoma kwambiri, musafunse ngati amadziwa magalimoto. Funsani kuti galimotoyo ikachoka, iyeyo atsala bwanji.

Malata ndagula. Anabwera Lachitatu pa ngolo ya ng'ombe, poti pikapu ndilibe. A Ngozo anabwera kudzathandiza kutsitsa osaitanidwa, ndipo za Lolemba sitinazitchule. Ndalama yatsalako, yoposa imene ndinkayembekezera, ndipo imeneyo ndi ya mtengo wawo uja. Ndinayesa kuwapatsako pang'ono kuti ndi ya umboni. Anakana. Anati mboni siilipidwa.

Lachinayi masana tinali padenga ndi kalipentala, a Ngozo akutipatsira malata kuchokera pansi. Chakumunsi wina anali atayatsa munda, ndipo utsi unkabwera ndi mphepo. Kuseri kwa mpanda mayi Ngozo anayamba kutsokomola.

Hamala inaima. Ine pamwamba, a Ngozo pansi, mayi a kunyumba pakhonde, tonse tinatembenukira pansi pa bwemba nthawi imodzi. Panali banga la oyilo ndi nkhuku.

Mayi Ngozo anatsokomola kanthawi, kenako anasiya, ndipo tinawamva akukalipira mbuzi. Chinali chifuwa wamba. A Ngozo anatulutsa foni m'thumba, anayang'ana ngati ili ndi moto, anaibwezera, n'kunyamula lata lina.

Denga likutha mawa, ndipo ndi lokongola. Inu amene mumadziwa mitengo ya zinthu, tandiuzani: pikapu ija ndinagulitsa modula kapena motchipa?